Si msonkhano uliwonse ni wa ma allowance

Ife a mu Lusaka liwu lakuti wokishopu timalidziwa bwino. Timadziwa na mmene imayendela. Loji ya ku Kabulonga kapena ku Woodlands, magalimoto a maofesi atadzaza panja, tiyi wa 10 koloko, nkhuku masana, T-shirt na kacikwama, ndiyeno mzele wautali wosaina pepala la allowance. Pa Friday onse abalalika, lipoti ilowa mu kabati, ndipo mu komboni palibe cimene casintha. Ndiye tikamva kuti madokotala na asayansi asonkhana masiku atatu kuti akambilane za khungu, timaseka cabe. Khungu? Mu January 2024 Heroes Stadium inasanduka cipatala ca kolela, malungo akali kupha ana, manje anthu ophunzila akhale pansi kukamba za ziphuphu?

Kuseka kumeneku kuli na cifukwa cake, ndipo sitidzateteza wokishopu iliyonse imene ili na banner. Koma pa nkhani ya khungu, mzinda wathu uno uli na mbili imene ambili a ife sitinauzidwe, ndipo ikamveka bwino kuseka kumacepa.

Pali kansa ina imene imayambila pakhungu, dzina lake Kaposi sarcoma. Dokotala woyamba kuifotokoza anali Moritz Kaposi, ku Vienna, mu 1872. Ku Ulaya inali yosowa, ya madala okalamba, yoyenda pang'onopang'ono. Koma madokotala a pakati na kum'mawa kwa Africa anali kuiona kawilikawili, aliyense m'cipatala cake, osadziwa bwino zimene mnzake wa dziko lina akuona. Mu 1961 anakumana ku Makerere, mu Kampala, pa msonkhano wokamba za matenda amenewa okha, ndipo mu 1980 anakumananso mumzinda umenewo. Anayala zithunzi, anayelekezela ziwelengelo, anatsutsana, mpaka panatuluka cithunzi cimodzi ca mmene matendawa amaonekela kuno: kwambili amuna, tuzotupa pa miyendo yotupikana, ndipo munthu anali kukhala nawo zaka, mankhwala n'kumamuthandiza.

Cithunzi cogwilizana cimeneco n'cimene cinathandiza kuti cacilendo cioneke kuti n'cacilendo. Pa UTH, pano pa Ridgeway, panali dokotala wocita maopaleshoni, ba Anne Bayley, amene anali kusamala odwala Kaposi kwa zaka zambili. Mu 1983 anaona odwala atsopano 23, ndipo 13 mwa iwo sanafanane na zimene zinali kudziwika. Anali acinyamata, ena akazi. Zigamba zinali kutuluka m'kamwa na m'malo osazoloweleka, mwanabele wotupa mbali zonse, thupi likutha, ndipo ambili anamwalila m'miyezi yocepa. Analemba zimenezi m'magazini ya madokotala ya The Lancet mu 1984. Pa nthawiyo n'kuti ku America, kuyambila mu 1981, akuona kansa imodzimodziyo pa anyamata a ku New York na California, ndipo ambili kumeneko anali kuganiza kuti matenda atsopanowo ni a kagulu kena ka anthu cabe. Khungu la odwala a mu Lusaka linali kukamba zina: kuti AIDS yafika, ndipo ikuyenda pakati pa amuna na akazi wamba.

Odwala 13 ni ocepa. Dokotala mmodzi akakamba yekha, anthu angati mwina n'zongocitika. Nkhani imakhala yolemela pamene wa ku Lusaka, wa ku Kampala, wa ku Kigali na wa ku Kinshasa akhala m'cipinda cimodzi, aliyense n'kunena kuti na ine naziona. Caka ca 1985 cinali ca misonkhano yotelo. Mu April kunali msonkhano woyamba wa dziko lonse wa AIDS ku Atlanta. Mu October a WHO anaitanila akatswili ku Bangui, ndipo kumeneko anagwilizana za zizindikilo zimene wacipatala angaone na maso, popanda makina opimila magazi, amene zipatala zambili za mu Africa zinalibe. Pa mndandandawo khungu linali na malo aakulu: kuyabwa thupi lonse, mashingozi obwelelabwelela, ndipo Kaposi yofalikila thupi lonse inali yokwanila payokha. Mndandanda wa ku Bangui sunali wangwilo, cifukwa odwala TB ena anali kuoneka monga a AIDS, ndipo unakonzedwanso mu 1994. Koma kwa zaka zingapo ndiwo unali nyali ya clinical officer wa ku Petauke kapena ku Lundazi.

Mu November caka cimeneco kunali msonkhano wina ku Brussels wokamba za AIDS mu Africa, ndipo kumeneko kunali mkangano weniweni. Nthumwi za mu Africa zinakana poyela zina mwa zimene akatswili a kunja anali kukamba za kontinenti yathu. Patapita nthawi zinadziwika kuti zipangizo zoyamba zopimila magazi zinali kunamiza nthawi zina, kuonetsa kacilombo pamene kalibe, ndipo ziwelengelo zina zoyambilila zinali zokwela mopitilila. Apa m'pamene pali kusiyana kwa wokishopu na msonkhano wa sayansi. Ku wokishopu onse amaomba m'manja kuti nthawi ya lunch ifike msanga. Ku msonkhano wa sayansi munthu amapatsidwa mphindi khumi kuti aonetse zimene wapeza, kenako wina kumbuyo aimilila na kufunsa: munapima anthu angati? Munawayelekezela na ndani? Nanga aja amene sanabwelele ku cipatala, munawawelengela kuti? Ngati yankho palibe, nchito ya zaka ziwili imagwa pamaso pa anthu. N'zowawa, koma kuli bwino igwele mu holo kusiyana n'kuti ikagwele pa thupi la wodwala.

Kacilombo kamene kamayambitsa Kaposi kanapezeka mu 1994, na Yuan Chang na Patrick Moore ku Columbia University. Ndipo mu September 1999 msonkhano waukulu wa AIDS wa mu Africa, ICASA, unacitikila muno mu Lusaka. Ambili a ife tinali tikali makanda, ena tisanabadwe.

Wina anganene kuti zonsezi n'zakale, manje kuli intaneti, aliyense angawelenge pa foni. N'zoona kuti zambili zili pa intaneti. Koma pepala la kafukufuku limatenga miyezi, nthawi zina caka, kuti lisindikizidwe, ambili amafuna madola kuti uwawelenge, ndipo magazini amakonda kusindikiza zimene zinayenda bwino. Zimene zinakanika, mankhwala amene sanagwile nchito, odwala amene anathawa cifukwa ca mtengo, zimenezo zimakambidwa pa tiyi, m'makonde. Inde, tiyi uja timaseka. Wofufuza wacicepele amamva kumeneko kuti njila imene akufuna kuyesa ena anaiyesa kale ndipo siyenda, n'kupulumutsa zaka zake na ndalama za anthu.

Palinso cina cimene cimapangitsa khungu kusiyana na mbali zina za udokotala. Ni nchito ya maso. Dokotala wa khungu amaphunzila poona, zithunzi masauzande, mpaka diso lizolowele. Manje mabuku ambili amene ophunzila athu amawelenga ali na zithunzi za khungu loyela. Buku likuti yang'ana kufiila. Pa khungu lathu kufiilako nthawi zambili sikuoneka kofiila: kumakhala kodelako, kwa pepo kapena kotuwa. Mu 2020 mnyamata wina wobadwila ku Zimbabwe, Malone Mukwende, ali wophunzila udokotala ku St George's mu London, anatopa nazo ndipo pamodzi na aphunzitsi ake awili anapanga kabuku kochedwa Mind the Gap, koonetsa mmene zizindikilo zimaonekela pa khungu lakuda na lodela. Tangoganizani, 2020. Msonkhano wa madokotala a khungu a mu Africa ni malo amene zithunzi zonse za pa sikilini zimakhala za anthu ooneka monga ife. Pamene mpox inalowa mu Zambia mu October 2024, funso la wacipatala aliyense linali la maso: ici n'ciani, ni nthomba wamba, ni mphele, kapena ni cija?

Tiyeni tiloweko pang'ono m'khungu lenilenilo, cifukwa apa m'pamene nkhani imatikhudza ife a pa Instagram na TikTok. Mtundu wa khungu umacokela ku melanin, amene amapangidwa na maselo ochedwa melanocyte. Wakuda bii na mzungu ali na maselo amenewa pafupifupi ofanana kuculuka. Kusiyana kuli pa kuculuka na mtundu wa melanin amene maselowo amapanga, na mmene amamugawila ku maselo ena. Kwa zaka zambili kafukufuku wa majini a mtundu wa khungu anali kucitidwa kwambili pa azungu. Mu 2017 gulu lotsogoleledwa na Sarah Tishkoff linafalitsa zimene linapeza litapima anthu opitilila 1,500 ku Ethiopia, Tanzania na Botswana, ndipo linapeza majini, monga MFSD12, amene nchito yake pa mtundu wa khungu sinali kudziwika. Zinaonekanso kuti mitundu ya majini yopangitsa khungu kudela na yopangitsa kuyela yambili ni yakale kwambili ndipo inayambila muno mu Africa. Kontinenti imene ili na mitundu yambili ya khungu kuposa ina iliyonse ndiyo inafufuzidwa mocedwa.

Manje pitani mu town, m'misika na m'tumashopu twa zodzoladzola, muone mabotolo na ma tube olonjeza kuwala m'masiku seveni. Tonse tili na mlongo, cousin kapena boi amene anayamba, ndipo si akazi okha iyayi. Timawaseka kuti nkhope Fanta, miyendo Coca-Cola, koma ise amene tikuseka ndise timapatsa ma like ambili kwa ma yellow bone. M'mafuta amenewa kawilikawili mumapezeka zinthu zitatu. Hydroquinone amatseka enzyme imene imapanga melanin. Ukamudzola zaka, maka-maka padzuwa lathu, khungu la pa masaya limada kuposa kale, na tumadontho tolimba tovuta kucotsa. Amene anafotokoza zimenezi momveka anali madokotala a ku Pretoria, motsogoleledwa na George Findlay, mu 1975, ataona akazi ambili acikuda akubwela na vuto lofanana, ndipo mu 1990 South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzoladzola. Caciwili ni ma steroid amphamvu monga clobetasol, amene ni mankhwala enieni a matenda ena a khungu koma akadzoledwa tsiku na tsiku amapyapyalitsa khungu, kubweletsa mizele, ziphuphu na zipele, ndipo angalowe m'magazi n'kusokoneza shuga na BP. Cacitatu ni mercury, amene amawononga impso na mitsempha, ndipo amafika na kwa mwana ali m'mimba.

Cakumapeto kwa 2023 maiko a m'pangano la Minamata, limene Zambia ilimo, anakumana ku Geneva n'kugwilizana kuti pofika 2025 zodzoladzola zonse zothilidwa mercury zileke kupangidwa na kugulitsidwa kudutsa malile, ngakhale atakhala wocepa bwanji. Uwo unali msonkhano wa maboma, koma umboni umene unali pa thebulo unacokela kwa anthu amene anatha zaka akupima mafuta mu labu na kuonetsana zotsatila. Kaya botolo lili pa shelefu ya mu town lelo likutsatila panganolo, imeneyo ni nchito ya oyang'anila malamulo, ndipo tili na ufulu wowafunsa.

Tsitsi nalo ni nkhani ya khungu. Ku South Africa, ba Nonhlanhla Khumalo a ku University of Cape Town afufuza kwa zaka zambili mmene kuluka kokoka kwambili, maka-maka pa tsitsi lothilidwa relaxer, kumadyela tsitsi la pamphumi. Ba Ncoza Dlova a ku Durban anali m'gulu limene mu 2019 linapeza kuti jini yochedwa PADI3 ili na mbali pa matenda ena othothola tsitsi pakati pa mutu, amene amagwila kwambili akazi acikuda. Mafunso amenewa palibe wa ku Vienna akanawafunsa. Anafunsidwa na anthu amene anakulila pakati pa masaluni onga a ku Kabwata na ku Chelstone, ndipo anamveka cifukwa anapeza malo oimilila n'kukamba.

Ndiye pali abale athu acialubino. Ambili tinaonela filimu ya Can You See Us?, yocokela pa moyo wa ba John Chiti, ndipo tinamva cisoni na tsankho limene anakumana nalo. Koma mdani amene amapha acialubino ambili mu Africa ni dzuwa. Popanda melanin wokwanila, khungu limapsa, limacita zilonda zosapola, ndipo kansa ya pakhungu imabwela munthu akali wamng'ono. Ku Moshi, ku Tanzania, kuli Regional Dermatology Training Centre, imene inatsegulidwa mu 1992 kuti iphunzitse acipatala ocokela m'maiko ambili a mu Africa za matenda a khungu. Caka ciliconse amene anaphunzila kumeneko amabwelela kukakumana na akatswili ena, kuonetsana odwala ovuta na kuphunzila zatsopano. Kumeneko n'kumenenso kunayambila nchito yopanga mafuta oteteza ku dzuwa a acialubino, m'malo modikila mabotolo a mphatso ocokela kunja. Mu May 2025 msonkhano waukulu wa WHO unavomeleza kuti matenda a khungu ni nkhani yofunika ya umoyo wa anthu onse, ndipo caka cimeneco mafuta oteteza ku dzuwa analowa pa mndandanda wa WHO wa mankhwala ofunika kwambili. Pepala la ku Geneva silidzoleka, n'zoona. Koma manje kholo la mwana wacialubino likapempha mafuta, silikupempha cifundo. Lili na poloza.

Apa tisakometse zinthu. Misonkhano ya sayansi nayo ili na matenda ake. Msonkhano waukulu wa dziko lonse wa madokotala a khungu unayamba ku Paris mu 1889. Wapita ku London, Berlin, New York, Tokyo, Sydney, Buenos Aires, Seoul, ndipo mu 2023 unali ku Singapore. Mu Africa sunacitikepo. Ndalama yolembetsa ni ya madola, tikiti ya ndeke ni ya madola, visa ungaipemphe n'kukanidwa msonkhano utatsala masiku atatu. Zotsatila zake n'zakuti nthawi zambili magazi na zithunzi zimacokela kuno, koma amene amaimilila kutsogolo na maikolofoni ni wa kwina, ndipo nesi amene anasonkhanitsa zonsezo dzina lake lili m'tumalemba tung'ono pa silaidi yothela. Makampani opanga zodzoladzola nawo amalipilila misonkhano yambili yotele, ndipo amene walipila holo sasowa mpando wabwino. N'cifukwa cake pulogilamu ingadzale na nkhani za makwinya, pamene mphele, imene imavutitsa ana m'maboding'i na anthu m'ndende, inangolowa pa mndandanda wa WHO wa matenda onyalanyazidwa mu 2017.

Yankho la zimenezi si kuleka kusonkhana. Ni kusonkhana kuno, na kusintha amene amalowa pakhomo. Mu November 2023 Mulungushi International Conference Centre inalandila msonkhano wa Africa CDC wa zaumoyo, wa anthu masauzande ocokela m'maiko ambili. Malo tili nawo. Cimene tikufuna kuona ni msonkhano wa khungu umene mipando yakutsogolo ili na ma clinical officer na manesi, cifukwa madokotala a khungu m'dziko muno ni ocepa ndipo odwala ambili sadzakumana nawo. Mukhale a m'mafamasi, amene anthu amayamba kufikila akayabwidwa. Mukhale acialubino monga okamba, osati oitanidwa kudzaimba nyimbo yotsegulila. Ndipo masana amodzi akhale a ometa tsitsi na a m'masaluni, cifukwa palibe amene amaona mitu yambili pa wiki kuposa iwo. Wometa wa ku Chelstone amadziwa anyamata angati ali na tuzotupa tolimba kunkhongo, ngakhale sadziwa dzina lake la m'buku, ndipo akauzidwa zimene makina ometa mopalula amacita pamenepo, mawa lomwe asintha kametedwe.

Komanso zimene zakambidwa zituluke mu holo. Ngati msonkhano wapeza kuti mafuta ena ali na steroid wobisika, nkhaniyo imveke pa wailesi m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga, osati kuthela mu PDF ya masamba 80. Amene apita ku msonkhano na ndalama za boma kapena za sukulu, akabwela aimilile pamaso pa anzawo amene anatsala pa nchito, afotokoze cimene aphunzila na cimene adzasintha. Tikaona banner pa geti ya loji, mafunso ofunsa ni omwewo: ndani akuonetsa zimene wapeza, ndani akuloledwa kumutsutsa, ndipo zotsatila tidzazimva kuti? Msonkhano umene ulibe mayankho a mafunso amenewa tiziuseka monga kale.

Kwa imwe amene muli ku Ridgeway, ku Levy Mwanawasa kapena m'makoleji a unesi, khomo lolowela m'misonkhano imeneyi ni laling'ono kuposa mmene mumaganizila. Amafuna cidule ca mawu pafupifupi 300: funso lanu, mmene munafufuzila, zimene munapeza. Misonkhano yambili ili na mitengo yocepa ya ophunzila, ndipo ina imalipilila ulendo wa amene cidule cawo casankhidwa. Mafunso osayankhidwa ali ponseponse pano: m'mafuta a pa msika muli ciani kwenikweni, ana angati pa sukulu imodzi ali na zipele, acialubino angati amapeza mafuta a dzuwa mwezi uliwonse. Pezani mphunzitsi wokuyang'anilani, tengani cilolezo ca komiti yoona za kafukufuku, ndipo musajambule khungu la munthu asanavomele. Msonkhano wa dziko lonse wotsatila udzakhala ku Guadalajara, ku Mexico, mu 2027.